Sickle cell imatsata malungo, siyang'ana mtundu wa munthu

"Adokotala, kwathu kulibe matenda amenewa, achokera kuchikazi." Mawu awa ndatopa nawo. Amawanena abambo, amawanena apongozi, mayi wa mwana ali chete pomwepo atagonera kukhosi usiku wonse ndi mwana wolira. Ndiye timvane. Mwana sabadwa ndi sickle cell, matenda a magazi otengera kumtundu, pokhapokha atatenga chibadwacho kwa makolo onse awiri. Munthu amene anatenga mbali imodzi yokha, yemwe ku labu timamulemba AS, amalima, amamenya mpira, mpaka kukalamba osadziwa kanthu. Awiri otere akatengana, pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa inayi woti mwana abadwe SS, kutanthauza wotenga mbali zonse ziwiri, wodwala sickle cell. Ndati pa mimba iliyonse. Ana atatu kubadwa athanzi sikuteteza wachinayi.

Nanga n'chifukwa chiyani chibadwa chopha ana chonchi sichinatheretu? Yankho lili m'malungo. Mu 1954, Anthony Allison, wofufuza yemwe anakulira ku Kenya, anasonyeza kuti anthu a AS ndi ochuluka kumene malungo ndi ambiri. Anawapeza ambiri m'mbali mwa nyanja ya Victoria ndi kugombe la nyanja yamchere, koma kumapiri ozizira anali ochepa zedi. Mwana wa AS malungo amamugwira ndithu, koma kawirikawiri safika pokomoka kapena kutheratu magazi. Kalekale kunalibe LA, kunalibe neti, ndipo ana amenewa ndi amene ankapulumuka ambiri n'kudzabereka anzawo.

Wokhala mu Blantyre safunika kumufotokozera zambiri. Kwerani minibasi ya ku Chikwawa mwezi wa June, kuno chiperoni chikuwomba, mutavala juzi. Pofika pa Thabwa juziyo mwaivula kale. Mzinda wathu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, pomwe chigwa cha Shire chili pansi kwambiri, n'chotentha, ndipo madambo ndi ambiri. Tizilombo ta malungo timafunika kukhwima kaye m'mimba mwa udzudzu. Kukatentha timakhwima msanga. Kukazizira timachedwa, udzudzu n'kufa tisanakhwime. Kutalika kwa malo kumasintha nyengo, nyengo imasintha malungo, ndipo pakapita mibadwo mazanamazana malungo amasiya chizindikiro m'magazi a anthu.

N'chifukwa chake chibadwachi n'chofala ku Nigeria, ku Congo ndi ku Uganda, koma n'chosowa kumapiri a ku Ethiopia komanso pakati pa anthu akuda a ku South Africa. Chilinso ku India, ku Saudi Arabia ndi ku Greece, kumene malungo ankavuta. Si nkhani ya khungu ayi. Si ya Asena, Alomwe, Ayao kapena Atumbuka. Ndipo anthu amasamuka. Ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni mwadzaza anthu amene agogo awo anachokera ku Nsanje, ku Mangochi, ku Karonga, ena ku Mozambique. Munthu akasamuka chibadwa chimapita naye, sichitsala kumudzi.

Pali mwana mmodzi amene sandichoka m'mutu. Ali ndi miyezi isanu ndi iwiri anatupa manja ndi mapazi, akulira ukangomukhudza. Nthawi yake ndi imeneyo, chifukwa magazi amene mwana amabadwa nawo, omwe amamuteteza miyezi yoyambirira, amakhala akutha. Abale anati wapondetsedwa mankhwala. Nditamuona ali ndi zaka ziwiri, timanja take tinali mphini zokhazokha, mimba yotupa kumanzere, zikhatho zoyera mbee. Kapamba anali atakoka magazi ambiri. Anayamba kufooka m'mawa, koma anafika naye madzulo, atadzera kwa munthu wina amene anawagulitsa botolo la madzi akuda loti "litsuka magazi". Tinamuika magazi, koma tinachedwa. Mng'ono wake tinamuyeza ali khanda, nayenso SS, ndipo lero amapita kusukulu chifukwa anayamba mankhwala msanga.

Anthu ogulitsa mabotolo amenewa, kaya pamsika kaya pa WhatsApp, akukuberani ndalama ndi nthawi. Palibe mtengo umene ungasinthe chibadwa. Maselo ofiira a munthu wathanzi amakhala masiku pafupifupi 120, koma a mwana wa SS amasweka pakangotha masiku 10 mpaka 20. Amapindika ngati chisikilo n'kutseka timitsempha, ndipo ululu wa m'mafupa umachokera pamenepo. Maso achikasu aja ndi chizindikiro cha maselo osweka, osati kulodzedwa. Musamangogula mankhwala owonjezera magazi a ayironi musanayezetse, chifukwa vuto la mwanayu si kusowa ayironi.

Zothandiza zilipo: penicillin woteteza ku matenda, folic acid, mankhwala oteteza malungo, katemera yense, madzi akumwa ambiri, zovala zofunda nthawi ya chiperoni, komanso hydroxyurea amene amachepetsa ululu ndi kuikidwa magazi pafupipafupi. Ndipo musasokoneze: chitetezo cha ku malungo chija n'cha AS, nachonso n'choperewera, neti mugonemo ndithu. Kwa mwana wa SS malungo ndi oopsa koposa.

Mwana wa sickle cell akatentha thupi, akayera zikhatho mwadzidzidzi, mimba ikatupa, akamabanika, kapena dzanja kaya mwendo ukalobodoka, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Musadikire malume abwere kudzagamula. Ngati m'banja mwanu ana amatupa manja ali makanda, kapena wina anaikidwapo magazi kangapo, pitani naye kuchipatala chapafupi mukapemphe kalata yokayezetsa ku Gulupu, chipatala chachikulu cha mu Blantyre. Abambo, mupite nawo, ndipo inunso mukapereke mkono wanu akutengeni magazi.