Kuloza munthu kuti ndi mfiti: lamulo likuti chiyani?

Ng'ona ikagwira msodzi mu Shire, maliro asanaikidwe n'komwe, pasiwa pamayamba manong'onong'o: "Imeneyi si ng'ona wamba, ndi yotumidwa." Pofika madzulo dzina latchulidwa kale, ndipo kawirikawiri limakhala la agogo okhala okha kumapeto kwa mudzi. Pa ntchito yanga ya uloya ndakumana nazo nkhani zotere ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Sindiiwala mayi wina wokalamba amene anafika atanyamula kaphukusi ka zitenje ziwiri ndi poto mmodzi. Nyumba yawo anaiyatsa ndi adzukulu awo enieni.

Ambiri amadabwa ndikawauza kuti lamulo la ufiti la 1911, lomwe anatisiyira atsamunda ndipo likugwirabe ntchito, limalanga munthu wonena mnzake kuti ndi mfiti. Chilango chake chimafika zaka zisanu kundende. Kumwetsa munthu mwabvi ndi mlandu. Kuitana sing'anga kuti adzaombeze n'kuloza mfiti m'mudzi ndi mlandunso.

Mkangano wagona apa. Mu 2021 a Law Commission, bungwe lounika malamulo a dziko lino, anapereka maganizo oti lamuloli lisinthidwe, livomereze kuti ufiti ulipo. Ogwirizana nawo amati Amalawi ambiri, akutchalitchi ndi akumzikiti omwe, amakhulupirira kuti ufiti ulipo, ndiye khoti likamaukana anthu amaona ngati boma likuikira kumbuyo afiti, n'kuyamba kuweruza okha ndi miyala. Mfundo imeneyi sindiipeputsa, chifukwa ndaona misozi ya ofedwa mwadzidzidzi amene akungofuna wina awauze chomwe chadya mwana wawo. Koma ndimafunsa: umboni wake udzakhala wotani? Pa mlandu waupandu, khoti limafuna umboni wosasiya chikaiko. Maloto a mwana, kapena mawu a woombeza amene walandira mbuzi kwa odandaula, majisitireti angamangire bwanji munthu? Ndikuopa kuti amene adzadzaze ndende ndi omwewa, okalamba ndi amasiye opanda wowayankhulira.

Ndime 33 ya malamulo oyendetsera dziko imakupatsani ufulu wokhulupirira chimene mtima wanu wasankha, ndipo palibe angakumangeni chifukwa chokhulupirira ufiti. Koma ndime 16 imateteza moyo wa agogo aja, ndime 19 ulemu wawo. Amene waponya mwala munthu n'kufa amayankha mlandu wakupha, ngakhale anali m'chigulu cha anthu zana.

Mayi aja sanabwererenso kumudzi kwawo. Munda wawo wa kudimba akulima ndi ena.