Mukachotsedwa bere, mkono musaukoleke m'chitenje

Amayi amene anachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'mawere akabwera kwa ife a mafizo kuno ku Kasungu, dandaulo lawo nthawi zambiri silikhala la bala ayi, bala anthu amalisamala bwino kwabasi. Limakhala la mkono. "Adokotala, mkonowu ukukana kukwera, olo kumanga duku ndikulephera." Ukafunsa kuti opaleshoni inachitika liti, akuti papita miyezi, ku chipatala cha Kamuzu Central, ndipo chichokereni ku Lilongwe mkono uja wangokhala chogunda pachifuwa, ena mpaka kuukoleka m'chitenje m'khosi. Gadiyani akuwasambitsa, akuwaveka, kapu ya tiyi akuchita kuwagwirira. Ndi chikondi chimenecho, sindikutsutsa, koma phewa limauma nacho.

Tiyambe ndi zomwe zimachitika m'thiyeta muja. Kwathu kuno amayi ambiri amafika kuchipatala chotupa chitakula kale, nde nthawi zambiri madokotala amachotsa bere lonse, kenako amalowanso m'khwapa kukachotsa timibulu tija tikatupa timati mwanabere, chifukwa khansa ikamachoka m'bere imayamba yafikira mmenemo. Khungu amalikoka n'kulisoka, ndiye pansi pake pamayamba kupangika chipsera kuchokera pachifuwa mpaka m'khwapa. Chipsera chikamakhwima chimafupika, ndipo chimauma mmene mwachisiyira, ngati chikopa cha mbuzi, mukachiyanika chopinda chimauma chopinda chomwecho. Mkono ukakhala masabata angapo osasuntha, chipsera chimagwira, mfundo ya phewa nayo imalimba, ndiye pofika nthawi yoti mukufuna kuukweza ululu wake umakhala woposa umene mumathawa poyamba uja.

Mafizo amayamba muli m'wodi momwemo, tsiku lotsatira opaleshoni ngati adokotala amene anakung'ambani sanaletse. Ndipo apa ndineneretu, mawu a dokotala wanu amaposa anga, makamaka ngati bala linatseguka, likutuluka mafinya, kapena anachita kutenga khungu kwina kudzatsekera pachifuwa. Koma ngati zonse zili bwino, masiku oyambawa ndi a tizinthu ting'onoting'ono basi. Kupuma mokoka mpweya mpaka m'mimba n'kuutulutsa pang'onopang'ono. Kufumbata dzanja ndi kulitambasula, mutha kufinya kansalu kokulunga. Kupinda ndi kuwongola chigongono. Kukweza mapewa ngati mukuti kaya, kenako kuwazunguliza chakumbuyo. Chilichonse ka 5 mpaka ka 10, katatu patsiku. Kudya, kutsuka mkamwa, kusamba kumaso, gwiritsani ntchito dzanja lomwelo. Chokhacho, pamene kapaipi kotulutsa madzi kaja, drain, kadakali m'thupi, chigongono chisapitirire msinkhu wa phewa, chifukwa kukweza kwambiri molawirira kumachulukitsa madzi odzadza pansi pa bala. Ndipo dzukani muziyenda, olo kungozungulira wodi.

Drain ikachoka, kwa ambiri patatha sabata kapena awiri, mpamene ntchito yeniyeni imayamba, ndipo mpamenenso anthu amakhala abwerera kumudzi kopanda wowauza chochita. Simufunika makina. Imani moyang'ana khoma, ikani zala zonse pakhoma, muziziyendetsa kukwera m'mwamba mpaka mutamva kukoka m'khwapa, imani pamenepo mupume mpweya katatu kapena kanayi, tsikani bwinobwino. Lembani ndi khala pamene mwafika, sabata yamawa mudzaone ngati mzere wakwera, anthu amalimba mtima akamaona mizere ija ikusuntha. Kenako tembenukani cham'mbali, khoma likhale mbali ya opaleshoni, muchitenso chimodzimodzi, iyiyi ndiye yowawako ndipo ndi imene ambiri amaizemba. Ina, gonani chagada pamphasa, gwirani ndodo kapena kansungwi ndi manja onse awiri, mkono wabwino uzithandiza mnzake kukwera kupita kumutu. Muli chigonere chomwecho ikani manja kunkhongo, zigongono muzizitsitsira pansi ngati mukufuna zikhudze mphasa. Ngati pakhomo pali mtengo wa mango, ponyani chingwe panthambi, khalani pampando, mkono wabwino uzikoka mbali imodzi winawo uzikwera. Kukoka ndi kunyung'unya pang'ono n'kwabwinobwino, koma ululu wobaya kapena woti mukasiya sukutha, mwapyola, bwererani m'mbuyo pang'ono. Ngati mukumwa panado kapena mankhwala ena a ululu amene anakupatsani, imwani kutatsala mphindi 30 kuti muyambe, komanso mukangosamba madzi ofunda thupi limalola msanga.

Ambiri akalimbikira, pofika masabata 4 mpaka 6 mkono umakhala ukufika pamene unkafika kale. Ndipo izi si zongoganiza a mafizo. Ku UK anachita kafukufuku wotchedwa PROSPER, zotsatira zake zinatuluka mu 2021, munali amayi 392, ndipo amene anayamba mafizo patatha masiku 7 mpaka 10 chichitireni opaleshoni, pakutha pa chaka mikono yawo inkagwira ntchito bwino kuposa ya anzawo amene sanalandire mafizowo, ululu unali wochepa, ndipo mavuto a bala kapena kutupa sanachuluke.

Pali zinthu ziwiri zimene zimaopsa anthu mpaka kusiya. Choyamba ndi dzanzi m'khwapa ndi mkati mwa mkono chakumtunda, ena amati pakuyenda nyerere, ena pakuotcha. Pali kamtsempha kodutsa m'khwapa kamene kamadulidwa kapena kukokeka pochotsa timibulu tija, nde dzanzilo kwa ena limachepa pakapita miyezi, kwa ena kamalo kena kamatsala choncho, sikuti khansa yabwerera. Chachiwiri ndi chingwe. Patatha masabata angapo mayi amaona kanthu kolimba kotanuka kuchokera m'khwapa kutsika mpaka pachigongono, nthawi zina mpaka kudzanja, akakweza mkono kamaonekera pakhungu penipeni. Azungu amati cording. Si chinthu choopsa, ndipo mankhwala ake ndi kutambasula komweko, modekha, tsiku ndi tsiku, ndipo a mafizo timathandiza kukasisita. Nthawi zina kamachita kulira thu! n'kumasuka, musakuwe.

Tsono pali gulu lina, ndipo kumidzi ya kwa Santhe, Chulu, Wimbe, kaya ku Chamama ndi limene limandidetsa nkhawa kwambiri. Awa ndi amayi oti sabata yachitatu ali kale pamjigo, chifukwa pakhomo palibe wina wotunga. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20, ndipo kuti ifike pamutu manja onse amayenera kukwera nayo. Masabata 4 mpaka 6 oyamba, ndowa, musi, khasu, kuwaza nkhuni, kuponyera mwana kumbuyo, kunyamula thumba la feteleza, zonsezo ayi. Abambo akunyumba, achemwali, apongozi, thandizo lanu likufunika pamenepa, osati pogwirira kapu ya tiyi. Ntchito zopepuka asiyireni mwiniwake, kusadzula ndiwo, kutong'ola chimanga, kuswa mtedza, kutsuka makapu, kusesa pang'ono, kenako kupeta ndi kuyanika zovala pachingwe, imeneyo ndi mafizo ndithu. Bala likapola n'kupita masabata aja, kulemera muzikuonjezera ngati makwerero, botolo la lita imodzi, kenako kachigubu ka malita 5 kosadzadza, kenako kodzadza, sabata ndi sabata. Nyengo ya fodya ikakupezani, kusoka mutakhala pansi kulibe vuto, koma kupachika mikangala m'chigafa tsiku lonse manja ali m'mwamba, dikirani mkono uyambe walimba, ndipo poyamba muzichita pang'ono n'kupuma.

Chifukwa chake chenicheni chokwerera pang'onopang'ono ndi kutupa kwa mkono, lymphoedema. Timibulu tam'khwapa tija ndi njira imene madzi a m'minofu ya mkono amadutsa pobwerera m'magazi, nde akatichotsa njira zimachepa, madzi amatha kumatsalira. Pafupifupi mayi mmodzi mwa 5 aliwonse amene anachotsedwa timibuluti amatupa mkono, ndipo sikuti zimabwera pompopompo, zimatha kuyamba patatha miyezi kapena zaka, ambiri m'zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba. Kale ngakhale m'mabuku athu munkalembedwa kuti mkono umenewu usadzanyamulenso kanthu moyo wonse. Zimenezo zinasintha. Mu 2009 Kathryn Schmitz ndi anzake ku America anaonetsa kuti amayi otupa kale mkono amene ankanyamula zitsulo moonjezera pang'onopang'ono sanatupe kwambiri, ndipo mkono sunkawavuta pafupipafupi ngati mmene unkavutira amene sankanyamula. Chimene mkonowu sufuna ndi kudzidzimutsidwa, miyezi itatu uli phee kenako tsiku limodzi mizere ya ekala yonse.

Muziuyang'anira nokha. Mphete kapena chibangili chikayamba kuthina, dzanja la bulauzi likamagwira mbali imodzi, mkono ukamalemera madzulo, bwerekani tepi kwa atelala muyeze mikono yonse iwiri pamalo ofanana, masentimita 10 pamwamba pa chigongono ndi 10 pansi pake, mulembe m'buku lanu la kuchipatala. Kusiyana kukafika masentimita 2, pitani akakuoneni, kutupa kongoyamba kumene kumamvera mabandeji ndi mafizo, kokhalitsa kumalimba. Khungu la mkono umenewu mulisamale, muzidzola Vaseline lisang'ambike, samalani ndi moto pamafuwa kapena pambaula poti malo a dzanzi aja mutha kupsa osamva, m'munda valani malaya a manja aatali masamba a chimanga asakuchekeni. Mukadzicheka tsukani ndi sopo nthawi yomweyo. Ndipo chonde chonde, mphini pamkono wotupa ayi. Ndikudziwa achibale amabwera ndi nzeru zoti akateme atulutse madzi oipa, koma mkono wopanda timibulu tija sulimbana bwino ndi tizilombo, kabala ka lezala kamodzi kakhoza kuyambitsa matenda mkono wonse. Mkono ukafiira kapena kuda kuposa unzake, kutentha, kuwawa, thupi n'kumazizidwa ngati malungo, limenelo ndi la tsiku lomwelo kuchipatala, pamafunika ma antibiotic, musadikire tsiku la kiliniki. Chimodzimodzi bala likatupa ngati muli madzi, likamanunkha, kapena mukayamba kubanika.

Za kutopa, anthu amene ali pa kemo, mankhwala opha khansa, amakudziwa, kutopa kosatha olo ugone tsiku lonse, kuonjezapo ulendo wa makilomita pafupifupi 130 pa M1 kupita ku Cancer Centre ku Kamuzu Central ndi kubwerera. Zimamveka zosemphana koma chimene chimachepetsa kutopa kumeneku ndi kuyenda. A WHO amati munthu wamkulu azichita mphindi zosachepera 150 pasabata, ndiye kuti mphindi 30 masiku 5, koma inu yambani ndi 5 kapena 10 m'mawa dzuwa lisanakwere, mwaliwiro loti mukutha kucheza ndi mnzanu koma kuimba nyimbo ya kwaya simungathe. Tsiku limene thupi latentha muli pa kemo, musayende, pitani kuchipatala msanga chifukwa nthawi imeneyo asilikali a m'thupi amakhala atatsika. Chizungulire, mtima kuthamanga, kapena ululu watsopano wa msana kapena m'mafupa wosatha makamaka usiku, siyani zonyamula kaye mukapimidwe.

Amene akuuzidwa kuti adzalandira radiotherapy, kuwotcha khansa ndi makina, mafizo a phewa ndi ofunika kawiri, chifukwa pamakina paja mumagona mkono uli pamwamba pa mutu osasuntha, ndipo ngati sukufika pamenepo chithandizo chimatha kuchedwa. Ikathanso radiotherapy minofu ya pachifuwa imapitiriza kukungika kwa miyezi yambiri, nde khoma lija ndi ndodo ija musazitaye, kamodzi patsiku mpaka chaka kapena kupitirira. Bala likapoleratu, nkhanambo zonse zitachoka, chipsera muzichisisita ndi zala mozunguliza ndi timafuta pang'ono kuti chisamatirire kunthiti, koma pakhungu limene likuwotchedwa ndi makina funsani kaye anesi musanadzolepo kanthu. Ndipo potuluka ku Central, musanapinde zofunda, pemphani kuti wa mafizo akuonetseni zonsezi gadiyani ali pompo, akulembereninso m'buku kuti mukapitirize kuchipatala cha boma kuno ku Kasungu.