Mpweya wa CO2 mu thanki ya zomera: yezani musanatsegule

Anthu amene amandiitana kukaona thanki yawo ya nsomba amadandaula mofanana: nyali agula yowala, feteleza akuthira, koma masamba akuchita chikasu ndipo ndere yakuta galasi. Ndikafufuza, kawirikawiri chosowa chimakhala mpweya wa carbon dioxide, kapena kuti CO2, womwe uja umatuluka tikamapuma, womwenso umachita thovu mu Fanta ndi mu mowa ukamawira mumbiya.

Mukaumitsa chomera, kuposa magawo 40 pa 100 alionse a kulemera kwake ndi kaboni, ndipo kaboniyo chimamutenga ku mpweya umenewu kukawala. Chimanga cha kumunda sichivutika, mphepo imachibweretsera. M'madzi mpweyawu umafalikira mochedwa kuwirikiza pafupifupi ka 10,000, ndipo mu thanki wamba mumangokhala mamiligalamu awiri kapena atatu pa lita, ochokera ku nsomba ndi zinthu zowola. Mukawonjezera kuwala kokha, chomera chimafuna kukula koma chakudya chilibe, ndiye ndere ndi imene imadyerera.

Si zomera zonse zimene zimafuna kuwonjezeredwa mpweya. Anubias, Java fern ndi Cryptocoryne zimakula bwino popanda chipangizo chilichonse, bola nyali isawale mopitirira. Zovuta ndi tizomera toyala pansi ngati kapinga, monga Hemianthus callitrichoides wa ku Cuba, tija timaoneka m'mathanki a kakonzedwe ka malemu Takashi Amano, katswiri wokongoletsa mathanki a nsomba wa ku Japan. Ndipo ngati mukuweta mbuna za m'nyanja yathu ya Malawi, za CO2 ziiwaleni. Nsombazi zinazolowera madzi a pH (muyeso wa asidi m'madzi, womwe umatsika asidi akachuluka) yoyandikira 8, pamene mpweyawu umatsitsa pH. Bzalani Vallisneria, yomwe imamera m'nyanjamo ndipo imatha kutenga kaboni wake ku bicarbonate, mtundu wa mchere wosungunuka m'madzi.

Kwa amene zomera zawo zikuufunadi, mlingo umene timafuna ndi mamiligalamu 20 mpaka 30 pa lita. Vuto n'lakuti mpweyawu suoneka ukasungunuka, ndipo apa m'pamene nsomba zambiri zimafera. Ambiri amawerenga thovu lodutsa mu kabotolo kotchedwa bubble counter, n'kumati "ine ndimapereka awiri pa sekondi". Chiwerengerocho chimangokuuzani zimene zatuluka mu silinda yosungiramo mpweyawu. Zimene zatsalira m'madzi zimadalira kukula kwa thanki, mmene madzi akuzungulirira, ndi mmene pamwamba pake pakugwedezekera.

Chida chimene ndimakakamira aliyense kuti akhale nacho ndi drop checker. Ndi kagalasi kakang'ono ngati belu, komata mkati mwa thanki, komwe mumathiramo madzi a 4 dKH (dKH ndi muyeso wa bicarbonate m'madzi) osakaniza ndi mankhwala osintha mtundu otchedwa bromothymol blue. Pakati pa madziwo ndi a mu thanki pamakhala kampata ka mphepo, moti chodutsa ndi mpweya wokha. Madzi a m'kagalasimo akakhala abuluu, CO2 wachepa. Akabiriwira ngati tsamba la nthochi lanthete, muli pafupi ndi 30. Akachita chikasu, mwapyola. Musathiremo madzi a mu thanki kapena a pampopi, chifukwa mtundu wake udzakunamizani. Kumbukiraninso kuti kagalasika kamachedwa ndi ola limodzi kapena awiri. Mtundu umene mukuona 10 koloko ukunena za 8 koloko. Ndaonapo munthu akutsegulirabe valavu poona kuti ndi buluu, pofika masana nsomba zonse zili pamwamba. Mukasintha, sinthani pang'ono, kenako dikirani mpaka mawa. Kagalasika kaikeni kutali ndi pamene thovu likutulukira, m'munsi, kumene madzi amafika movutikira.

Njira ina ndi ya pH. Tungani madzi a mu thanki m'kapu, muwasiye tsiku limodzi kapena awiri kuti mpweya uuluke, ndipo muwayeze. Kenako yezani a mu thanki mpweya utayenda kwa maola angapo. pH ikatsika ndi 1, mwachitsanzo kuchoka pa 7.6 kufika pa 6.6, ndiye kuti CO2 wachuluka kakhumi, ndipo muli cha pa mlingo uja.

Koma chiweruzo chomaliza chili ndi nsomba. Zikamayasamira pamwamba, kupuma mofulumira kapena kugona pansi mofooka, tsekani mpweya nthawi yomweyo, gwedezani madzi ndi pampu ya mphepo, ndipo musinthe ena. CO2 sathamangitsa okisijeni m'madzi monga ambiri amaganizira. Akachuluka, nsomba imalephera kutulutsa wake wa m'magazi, ndipo magaziwo sanyamulanso okisijeni mokwanira. N'chifukwa chake ndimakonda kuti pamwamba pa madzi pazichita timafunde ngakhale kuti mpweya wina umatayika. Kudzazitsa silinda n'kotchipa kuyerekeza ndi kugulanso nsomba.

Popereka mpweyawu, njira yodalirika ndi silinda yokhala ndi regulator yochepetsa mphamvu ya mpweya, valavu yosinthira pang'onopang'ono, solenoid (valavu yotseguka ndi magetsi) yolumikiza ku wotchi ya magetsi, ndi diffuser yoswa mpweya kukhala tithovu tosalala ngati nkhungu. Musaiwale kavalavu koletsa madzi kubwerera m'paipi. Mpweya uzitseguka ola limodzi kapena awiri nyali isanayake, n'kutseka ola limodzi isanazime, pakuti usiku zomera siziudya, nazonso zimautulutsa. Silinda iime chilili, yomangirira. Mu silindamo CO2 amakhala ngati madzi, choncho geji yoyeza mphamvu ya mpweya imakhala cha pa 800 mpaka 900 psi kwa miyezi, osasuntha. Ikangoyamba kutsika, dziwani kuti madziwo atha, kadzazitseni msanga, chifukwa ma regulator ena otchipa amakhuthulira wotsalayo mu thanki kamodzin'kamodzi.

Njira yopanga mpweyawu ndi yisiti ndi shuga m'botolo la malita awiri ndi yotchipa, ndipo pa thanki yaing'ono imagwira ntchito. Koma ili ngati mowa: kukatentha mu Okutobala imawira mwamphamvu, mu Juni imagona, ndipo pakatha milungu iwiri kapena itatu yatha mphamvu. Kukwera ndi kutsika kotereku n'kumene kumakonda kubweretsa ndere yakuda yangati ndevu m'mphepete mwa masamba. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri kwathu kuno ndi kuthima kwa magetsi. Solenoid imadzitsekera yokha magetsi akapita. Botolo la yisiti silidziwa zimenezo, limapitiriza kuwira pamene sefa yaima, nyali yazima ndipo madzi angoti duu. Ngati mukugwiritsa ntchito botolo, zulani paipi yake madzulo alionse komanso pochoka pakhomo, ndipo sungani kapampu ka mphepo ka mabatire pafupi ndi thanki.