Mawu oyamba ndi M amene amasokoneza anthu kukhoti

Milandu m'makhoti athu imayenda m'Chingerezi. Womasulira amakhalapo, koma pali mawu ena amene ife azamalamulo tinawazolowera kwambiri moti timaiwala kuti munthu wochokera kumudzi akuwamva koyamba. Angapo mwa mawuwa amayamba ndi chilembo cha m, ndipo kusawamvetsa kwatayitsa anthu ndalama, ena zaka za moyo wawo.

Majisitireti akanena kuti mlandu ubwerenso tsiku lakutilakuti "for mention", abale amaganiza kuti ndilo tsiku lozenga. Amagulitsa thumba la chimanga kuti apeze thiransipoti ya mboni, amalawirira m'mamawa, kenako mlandu ukaitanidwa sipatha ndi mphindi zisanu zomwe, wapatsidwa tsiku lina. Amabwerera kwawo akudandaula kuti pachitika zachinyengo. Chonsecho mention ndi tsiku loti bwalo lingomva pomwe zinthu zafika: kodi apolisi amaliza kufufuza, kodi mbali zonse zakonzeka. Mboni sizifunika tsikulo. Woimbidwa mlandu yekha ndiye asajombe, chifukwa ngati ali pa belo bwalo likhoza kumulanda belo nkulamula kuti amangidwe. Musanachoke pakhoti, funsani kalaliki ngati tsiku lomwe mwapatsidwalo ndi lobwera ndi mboni.

Pa wailesi mumamva murder akuti kupha mwadala, manslaughter akuti kupha mwangozi. Kumasulira kwachiwiriku kumasocheretsa, chifukwa anthu amaganiza kuti ngati inali ngozi ndiye kuti palibe mlandu. Anthu awiri akangana pamowa, wina waponya chibakera, mnzakeyo wagwera pamwala nkumwalira. Woponyayo sanafune kupha, koma imfa yadza chifukwa cha mchitidwe wosaloledwa ndi lamulo. Imeneyo ndi manslaughter, ndime 208 ya Penal Code (buku la malamulo a milandu ndi zilango zake), ndipo chilango chake chikhoza kufika pokhala m'ndende moyo wonse, ngakhale nthawi zambiri oweruza amapereka chocheperapo.

Murder ili pa ndime 209, ndipo chimene chimaisiyanitsa ndi mnzakeyo ndi mawu enanso a m: malice aforethought. Ambiri amaganiza kuti boma liyenera kuonetsa kuti munthu anakhala masiku akukonza chiwembu. Ayi ndithu. Ndi zokwanira kuonetsa kuti anafuna kupha kapena kuvulaza kwambiri, kapenanso kuti ankadziwa kuti zimene akuchitazo zikhoza kupha munthu. Apa ndikufuna amve bwino aja amathamangira kukamenya wakuba amene wagwidwa pamsika. Kunena kuti "timangofuna kumuphunzitsa" sikukupulumutsani ngati munatenga chibonga nkumumenya m'mutu. Milandu iwiriyi majisitireti alibe mphamvu yoizenga, imapita ku bwalo lalikulu, nchifukwa chake munthu amaonekera kaye kwa majisitireti nkubwerera ku rimandi kukadikira.

Misdemeanour ndi mlandu wocheperapo poyerekeza ndi felony, womwe ndi mlandu waukulu. Kuchepako kusakunyengeni: munthu akhoza kupita nawo kundende.

Mawu amene amandikhudza mtima kuposa onsewa ndi mitigation. Bwalo likapeza munthu wolakwa, lisanapereke chilango, limamupatsa mpata wolankhula. Womasulira amatembenuka nkufunsa kuti, "Muli ndi dandaulo lanji?" Apa mpamene ambiri amataya mwayi. Wina amayambiranso kukana: "Sindinabe ine bwana." Wina chifukwa cha mantha amangoyang'ana pansi nkuti, "Ndilibe mawu." Nthawi yokana inatha pamene chigamulo chinaperekedwa, ndipo ngati simukugwirizana nacho njira yake ndi apilo. Mpata uwu ndi woti woweruza akudziweni inuyo ngati munthu, osati dzina la pa fayilo chabe.

Nenani ngati ndi koyamba kupalamula, pakuti malamulo amafuna kuti bwalo liganizire kaye zilango zina lisanatumize wolakwa koyamba kundende. Kumbutsani bwalo ngati munavomera mlandu osalitayitsa nthawi. Ngati katundu anapezeka kapena munabweza, nenani. Tchulani zaka zanu ngati ndinu wachinyamata kapena wokalamba, matenda amene muli nawo, ndipo ngati pali buku la kuchipatala lionetseni. Tchulani miyezi imene mwakhala kale pa rimandi. Za ana ndi makolo amene mumasamala nenaninso, ngakhale oweruza ambiri sazipatsa mphamvu kwambiri pa milandu ikuluikulu, chifukwa amati munayenera kuwaganizira musanapalamule. Chachikulu musaname. Bodza likadziwika, ngakhale zoona zimene mwanena zimakayikitsa.

Kufunika kwa mpata umenewu kunaoneka m'chaka cha 2007 pa mlandu wa Kafantayeni, mkaidi amene anaweruzidwa kuti aphedwe. Kale munthu akapezeka wolakwa pa murder, chilango chinali chimodzi basi, kunyongedwa, ndipo woweruza analibe mphamvu yomvera dandaulo lililonse. Bwalo lalikulu linagamula kuti zimenezi zikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Kuyambira mu 2015 akaidi amene anali ataweruzidwa kuti aphedwe anayamba kubwerera kukhoti kuti madandaulo awo amvedwe. Abale ndi mafumu anafotokoza za moyo wa anthuwa, ndipo ambiri anapatsidwa zilango zocheperapo, ena anatuluka kumene.

Ndime 42 ya malamulo oyendetsera dziko imapereka ufulu woti mlandu wanu uzengedwe m'chilankhulo chimene mukumva, apo ayi mupatsidwe womasulira amene boma lilipire. Choncho mawu ena akakudutsani, kwezani dzanja mwaulemu nkupempha kuti abwereze. Ngati m'bale wanu ali pa rimandi ndipo mulibe ndalama ya loya, pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau, ndipo mukamuyendera kundende mukambirane naye zimene akanene pa mitigation tsikulo lisanafike.