Nkhani za Ayuda sizinayambe ndi nkhondo

Ndatopa nazo zomva anthu akuti nkhani zifupizifupi za Ayuda zonse zimakamba za kuphedwa kwa Ayuda 6 miliyoni pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945, ati isanachitike kunalibe zolemba zotere. Si zoona.

Pofika m'ma 1880, ku Poland, Ukraine ndi Lithuania nkhani za m'Chiyidishi, chinenero cha Ayuda a kumeneko, zinali zikusindikizidwa kale: za ogulitsa pamsika, makolo osakira mwana wawo wamkazi banja, munthu wosauka wodandaulira Mulungu ngati akucheza ndi mnansi wake. Zambiri n'zoseketsa ndithu.

Maliro alimo, inde. Mudzawerenga za shiva, masiku 7 amene anamfedwa amakhala pamipando yaifupi, magalasi a m'nyumba ataphimbidwa ndi nsalu. Koma mwambowu ndi wakalekale. Ngakhale Kaddish, pemphero limene mwana amanena miyezi 11 kholo likamwalira, silitchula n'komwe imfa, limangotamanda Mulungu.

Musanauzeko ena zomwe mwangomva, tsegulani buku la nkhani zomasuliridwa, muone masamba oyambirira. Kawirikawiri amasonyeza chinenero choyamba ndi chaka chimene nkhaniyo inatuluka.