Chilwa ikaphwa, nsomba zimapita kuti?

Nyanja ya Chilwa ikaphwa anthu amayankhula ngati zayamba dzulo, koma akuluakulu a ku Kachulu ndi pachilumba cha Chisi angakuuzeni kuti ndi khalidwe lake lakalekale. Ndi yosaya, ilibenso mtsinje wotulutsa madzi, imangolandira kuchokera ku Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi Mnembo wochokera ku Mozambique, kenako dzuwa n'kumamwa. Mvula ikavuta zaka ziwiri zitatu zotsatizana basi, matope okhaokha.

Kafukufuku wamphamvu anayamba mu 1966, yunivesite ya Malawi ikadali yatsopano, pomwe Margaret Kalk yemwe poyamba ankaphunzitsa ku yunivesite ya Wits ku Johannesburg anasonkhanitsa akatswiri akunja ndi a konkuno, ndalama zikuchokera ku Leverhulme Trust ya ku Britain. Ndiye taonani, angoyamba kumene kuyeza madzi nyanja ija inaphwa mu 1968 iwo akuona ndi maso, moti analemba zonse, mmene mchere unkachulukira, mmene nsomba zinkafera, mpaka mmene moyo unabwererera. Anapeza kuti matemba, makumba ndi milamba sizitheratu ayi, zimathawira m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo a njedza, madzi akabwera zimaswana n'kudzazanso nyanja pakangopita zaka zochepa.

Nzeru imeneyo inathandiza zedi itaphwanso mu 1995, a Fisheries ndi mafumu anakhazikitsa makomiti oteteza maiwe aja kuti anthu asathe mbewu ya nsomba poipha ndi katupe. Mu 1997 Chilwa inalowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika kutetezedwa padziko lonse.

Nkhani ya kusintha kwa nyengo inadzalowa bwinobwino mu 2010, boma la Norway litapereka ndalama ku pulojekiti yomwe ankayendetsa a bungwe loona za chilengedwe la LEAD motsogozedwa ndi Pulofesa Sosten Chiotha, limodzi ndi bungwe lofufuza za nsomba la WorldFish ndi lofufuza za nkhalango la FRIM, m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe. Amayi ogulitsa matemba anapezerapo mahema oumitsira nsomba ndi dzuwa, zabwino ndithu. Koma funso lovuta linali lakuti, tiloze chala mvula yosadalirikayi kapena ife eni tadula mitengo m'mapiri dothi lonse n'kumatsikira m'nyanja? Ine ndimaona kuti kunamizira nyengo yokha n'kudzipeputsira mlandu, mitsinje ija madzi ake ambiri amathera m'masikimu a mpunga ndi m'madimba asanafike n'komwe kunyanja.

Mu 2018 inaphwanso kwambiri, mabwato atangokhala pamatope ouma pa Kachulu, asodzi ena n'kusamukira ku nyanja ya Malawi.