Mizu ya bonsai imadulidwa mtengo ukadali wamphamvu

Funso lomwe landitopetsa pa nazale ndi ili: “Masamba a kamtengo kanga achita chikasu, ndithire feteleza wanji?” Musathire chilichonse. Yambani mwandiuza kuti mtengowo munautulutsa liti mu mphika n'kuona mizu yake. Ambiri ndikawafunsa zimenezi amangoti kukamwa yasa, chifukwa chiugulireni sanaukhudzepo. Ena amachita kunyadira kuti watha zaka 7 osasunthidwa, poganiza kuti kuthinana kwa mizu ndiko kumaufupikitsa.

Ayi ndithu. Bonsai, kamtengo kosungidwa kakafupi mu mphika, imakhala yaing'ono chifukwa mwini wake amadulira nthambi ndi mizu mwaluso, osati chifukwa choikhaulitsa. Mtengo sumwera mizu ikuluikulu yolimba ija. Umamwera timizu toyera, tofewa, ta kunsonga. Mu mphika, muzu ukafika kukhoma umakhota n'kuyamba kuzungulira, umanenepa, umalimba, ndipo timizu tomwera madzi timangotsala kumapeto kwake, kutali ndi thunthu. Dothi nalo limafumbutuka n'kutseka timipata todutsa mpweya, pomwe mizu imafuna mpweya kuti ikhale ndi moyo. Zikafika apa, madzi amene mukuthira amangodikha pamwamba, kapena amatsetsereka m'mbali mwa mphika n'kutulukira pansi, pakati pali gwa, pouma. Mtengo umafa ndi ludzu mwini wake akuthirira tsiku ndi tsiku. Ndiye mvula yathu ya kuno ku Mzuzu ikagwa sabata yathunthu osakata, pakati pomwepo pakanyowa sipaumanso, mizu imayamba kuola.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Thirani madzi muone ngati akulowa msanga. Tengani kamtengo kosongoka muboole dothi. Kakakana kulowa, kapena mukaona kuti mtengo wonse wakwera pamwamba pa mkombero wa mphika, nthawi yakwana. Mtengo waung'ono umene ukukula mwachangu umafuna kusinthidwa dothi chaka chilichonse kapena pakatha zaka ziwiri. Wokhwima ukhoza kutha zaka 3 mpaka 5. Koma kalendala isakulamulireni kuposa zimene madzi akukuonetsani.

Tsopano nkhani ya mwezi, yomwe yapha mitengo yambiri kuno. Anthu amaonera mavidiyo pa YouTube a akatswiri a ku Japan kapena ku London akunena kuti mwezi wabwino wodula mizu ndi Malichi, n'kuthamangira sizasi. Kwa iwowo Malichi ndi pomwe chisanu chikutha, mitengo ikudzuka. Kwa ife Malichi ndi kumapeto kwa dzinja, kutsogolo kuli kuzizira kwa Juni ndi Julayi. Mzuzu ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, ndipo kuzizira kwake kumabwera ndi nkhungu komanso kamvula kowaza. Muzu wodulidwa ukakhala m'dothi lozizira ndi lonyowa supola, umaola. Chimene akatswiri aja akutanthauza si dzina la mwezi, koma nthawi imene mtengo ukuyamba kudzuka. Mitengo yoyoyola masamba muisinthe maso a mphukira akayamba kufufuma koma asanatseguke, ndipo kuno zimenezi zimachitika cha mu Ogasiti, pang'ono nthawi isanafike yoti mitengo ya miombo itulutse masamba ofiira aja. Kachere, mkuyu ndi bougainvillea zimakonda kutentha, choncho dikirani Okutobala kapena Novembala, usiku utasiya kuzizira. Mlambe ndiye wovuta kwambiri kuno. Kwawo n'kunyanja kotentha ngati ku Karonga. Ukayoyola masamba usungeni pakhonde pouma osauthirira, ndipo mizu yake musaikhudze mpaka utaonetsa wokha kuti wadzuka.

Pali mtengo umodzi umene sundichoka m'mutu. Mayi wina wachikulire wa ku Katoto anali ndi kachere amene malemu amuna awo anamulera kwa zaka zambirimbiri. Thunthu lake linali lalikulu ndithu, mizu ya pamwamba itayala bwino mbali zonse, ntchito ya munthu wodekha. Mayiwo anadutsa pa nazale mu Novembala n'kundiuza kuti madzi akumadikha mu mphika. Ndinati, “Mayi, bwerani nawo sabata ino, nthawi yake ndi inoyi.” Anati abwera Khirisimasi ikadutsa. Khirisimasi inadutsa, mvula inagwa, masamba anayamba kugwa limodzilimodzi. Mu Juni kunabwera mnyamata wina woyenda m'makomo kusamalira maluwa, n'kuwauza kuti iye amazitha. Anauzula mtengowo, n'kutsuka mizu yonse ndi paipi mpaka mbee, n'kuidula ndi chikwanje, n'kuubzala m'dothi la pachulu losakaniza ndi zitosi zaziwisi za nkhuku. Pamwamba anathirapo ureya wodzaza dzanja, ati kuti utsitsimuke msanga.

Atabwera nawo mu Julayi, fungo lowawasa linandipeza ndisanautulutse n'komwe. Mizu inali yakuda, ndipo ndikaitsina khungwa linkangovuuka n'kutsala kaulusi m'kati. Ndinakanda thunthu ndi chikhadabo cha m'munsi: bulauni. Ndinakanda pamwamba pang'ono: bulauni. Mayi aja anafunsa motsitsa mawu, “Achimwene, kodi ukhala?” Kanthambi kamodzi kokha ka pamwamba ndi komwe kanali kakadali kobiriwira m'kati. Tinadula timeneto n'kuzika mu mchenga pamalo otentherako, ndipo poti kachere savuta kumera kuchokera ku nthambi, kanagwira. Koma thunthu limene bambo aja anaumba ndi manja awo linapita. Chimene chimandipweteka n'chakuti mu Novembala muja inali ntchito ya ola limodzi basi. Mtengowo unali ukadali ndi mphamvu zopirira kudulidwa. Pofika Juni unali wofooka kale, ndipo mnyamata uja anauchita zoipa zinayi tsiku limodzi, chilichonse mwa izo chokwanira kuupha pachokha.

Ndiye tamverani mmene zimayendera. Dothi latsopano, waya ndi mphika zikhale zokonzeka musanaukhudze mtengo, chifukwa timizu tija timauma m'mphindi zochepa tikakhala pa mphepo. Gwirani ntchito pamthunzi. Dothi lakale lisakhale lonyowa kwambiri, limayoyoka bwino likakhala lofota. Ndi kamtengo kosongoka kaja, pesani mizu kuchokera ku thunthu kupita kunja, pang'onopang'ono, osakoka. Mphasa ya mizu yolukana imene mupeze pansi muichotse yonse. Kenaka yang'anani mizu ikuluikulu yozungulira mphika ndi yolowa pansi mowongoka, imeneyo ndiyo yofupikitsa, ndipo muidule pamalo pomwe pali kale timizu tating'ono kumbuyo kwa bala. Anthu ambiri amachita zosiyana: amameta timizu tonse tofewa poti n'tosavuta kudula, n'kusiya zimizu zolimba zopanda ntchito. Musapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a mizu yonse. Sizasi ikhale yakuthwa, yopukutidwa ndi sipiriti. Yobuntha imatswanya muzu, ndipo potswanyika m'pomwe kuola kumayambira.

Paini ali ndi lamulo lake. Ambiri kuno amayamba ndi mbande za paini poti Chikangawa ali pafupi, ndipo akaona zoyerayera zokuta mizu amadzidzimuka n'kuzitsuka poganiza kuti ndi matenda. Nunkhizani kaye. Zikamamveka ngati bowa, ndi bowadi, wokhala pamodzi ndi mizu n'kumaithandiza kuyamwa madzi ndi chakudya cha m'nthaka. Paini musamutsuke mizu. Sinthani mbali imodzi ya dothi, mbali inayo mudzasinthe ulendo wotsatira, ndipo dothi lakale pang'ono lisakanizeni ndi latsopano.

Za dothi ndilankhule mosabisa: la pachulu, la kudambo ndi katondo wa kumunda zisalowe mu mphika wa bonsai. M'munda n'zabwino, koma mu mphika wosaya zimasanduka phala mvula ikagwa, n'kuuma gwa dzuwa likawala. A ku Japan amagwiritsa ntchito dongo la timibulu lotchedwa akadama, lomwe kuno simungalipeze mwachisawawa, ndipo simukulifunanso. Phwanyani njerwa zootcha bwino, sefani mchenga wa kumtsinje wa miyalamiyala, onjezani makungwa a paini owolerana. Timibulu tikhale ta pakati pa mamilimita 2 ndi 6, fumbi lonse litayidwe. Ndi mvula ya kuno, njerwa ndi mchenga zichuluke kuposa makungwa. Mabowo a pansi muwatseke ndi kaukonde kuti dothi lisatayike koma madzi azituluka. Mtengo muumange ku mphika ndi waya wodutsa m'mabowo omwewo. Ambiri amadumpha zimenezi, osadziwa kuti mphepo ya Ogasiti ikaugwedeza, timizu tatsopano timaduka tisanagwire. Lowetsani dothi pakati pa mizu pogwiritsa ntchito kamtengo kosongoka kaja mpaka pasatsale mphako, kenaka thirirani mpaka madzi otuluka pansi ayere.

Zikatha izi, uikeni powala koma posafika dzuwa la masana, potetezeka ku mphepo, kwa sabata ziwiri kapena zitatu. Feteleza ayi, kwa sabata 4 mpaka 6, kufikira mutaona mphukira zatsopano zikukula. Feteleza ndi mchere, ndipo mchere pa muzu wa bala umakoka madzi kuchoka mu muzumo. Muchepetsenso kuthirira, chifukwa mtengo wodulidwa mizu sumwa monga kale. Gwirani dothi ndi chala musanathire.

Ngati mtengo wanu wafooka kale ndipo nyengo si yake, musaudule mizu. Boolani dothi malo angapo ndi kamtengo kuti madzi ndi mpweya zilowe, pendeketsani mphika kuti madzi asadikhe, uchotseni pa mvula. Ngati zavutitsitsa, usamutsireni wonse ndi dothi lake mu mphika wokulirapo pang'ono, kuzungulira muike dothi la timibulu, mudikire nyengo yake. Koma ngati pansi pakununkha kuola, musagone nawo. Pitani nawo kwa munthu amene angakuonetseni mitengo yake yomwe waisunga zaka zambiri ili yamoyo.

Ndikunena choncho chifukwa odyera masuku pamutu achuluka. Pa Facebook pali ogulitsa “njere za bonsai.” Kulibe njere zotero, njere ya kachere imamera kachere, ndipo mukaibzala pabwalo idzakula n'kuphwanya maziko a nyumba. Ena akugulitsa timabotolo ta madzi osadziwika ati oletsa mtengo kukula. Oopsa kwambiri ndi amene amakumba zitsa m'tchire, n'kudula mizu yonse, n'kuzizika mu mphika wokongola, pamwamba n'kuyalapo ndere zobiriwira. Chitsa chotere chimaphukira masamba ndi chakudya chotsalira m'thunthu, chimaoneka bwino mwezi umodzi kapena iwiri, kenaka chimauma ndalama zanu zitapita kale. Musanalipire, gwirani thunthu mugwedeze pang'ono. Likamayenda lokha mphika uli chiimire, mulibe mizu mmenemo. Suzumirani m'mabowo a pansi, mufunsenso wogulitsayo kuti mtengowo anausintha dothi mwezi uti ndipo anaikamo chiyani. Akayamba kuzungulirazungulira, musiyireni mtengo wakewo.